Mboni ya mkazi wanga anaifunsa pamaso pa apongozi ake

Mkazi wanga si mzambanso. Komiti ya apilo yomwe inakhala ku Chipata Lachinayi lapitali yakana kumubwezera laisensi yake, ndipo chipatala chathu chaching'ono kuno ku Lupande chatsala chopanda wothandiza amayi pochira.

Nkhani inayamba dzinja latha. Mayi wina wachitsikana, Tisauke, anamubweretsa kuchipatalachi pa machira atavutika kumudzi kuyambira dzana lake. Kumeneko anali atamumwetsa zitsamba zofulumizitsa kuchira. Mkazi wanga anapulumutsa mayiyo. Mwana anabadwa atapita kale. Mwamuna wa Tisauke anakadandaula kuboma kuti mzamba anachedwa. Akuluakulu oyang'anira anamwino ku Lusaka anagamula kuti mkazi wanga sayeneranso kugwira ntchitoyi.

Anatiuza kuti tili ndi ufulu wochita apilo ndi kubweretsa mboni. Mboni yodziwa zonse inali imodzi, Tisauke mwini wake. Anabwera yekha kwathu, nagwada pakhomo.

"Asisita, ine ndikanena. Mlandu si wanu."

Anapempha chinthu chimodzi chokha: akayankhule pamaso pa akazi okhaokha. Aliyense wa kuno kuchigwa akudziwa chifukwa chake. Za m'chikuta, momwe mayi amachiriramo, sizikambidwa pali mwamuna. Nanji apongozi.

Ndinapita ndekha kukafotokozera kalaliki wa komitiyo. Anati ndisadandaule, tidzaona tsikulo.

Tsikulo tinaonadi. Anatiuza naini koloko. Anatiitana hafu pasiti thu. Patebulo panali abambo atatu. Womasulira, poti Tisauke amayankhula Chikunda, analinso bambo. Pabenchi la kukhoma panakhala mwamuna wake, ndipo pambali pake bambo ake a mwamunayo. Akuti wodandaula ali ndi ufulu womvera mlandu.

Tisauke anakhala pansi pafupi ndi chitseko, atafulatira apongozi ake monga mwa ulemu. Wapampando anamuuza kuti akhale pampando ndipo ayang'ane kutsogolo.

Mkazi wanga anaimirira. "Bwana, chonde, abambo atuluke pang'ono. Kapena muitane namwino wamkazi amve mawu ake, adzakuuzeni."

Wapampando anayang'ana wotchi. Anati malamulo sadziwa chikuta, ndipo kuno si kumudzi.

Ine ndinatuluka kukaima pakhonde, ndi maganizo oti amuna anzanga atsatira. Palibe anatsatira. Zotsalazo ndinamvera pawindo.

"Munamwa chiyani musanapite kuchipatala?"

Anafunsa ndi wapampando. Womasulira anabwereza mokweza, ngati vuto linali makutu. Tisauke anafunda chitenje kumaso. Anamufunsanso. Apongozi ake anakhosomola kamodzi. Basi. Wapampando anauza mlembi alembe kuti mboni ilibe chonena.

Ndinalembapo nkhani za m'makhoti ndisanayambe ntchito pa eyapoti ya Mfuwe. Ndinaonapo mlandu wa mbuzi ukutenga tsiku lonse. Ntchito ya mkazi wanga inatha mu fifitini minitsi.

Atatuluka, Tisauke anagwa pamapazi pa mkazi wanga. "Asisita, pakamwa panakana. Ndikhululukireni."

Mkazi wanga anamudzutsa, nayamba kumumanga chitenje chomwe chinali chitamasuka. Manja ake anaima pamimba.

"Iwe Tisauke, miyezi ingati?"

"Inayi."

Panjira yonse yobwerera, pamwamba pa lole, mkazi wanga sanatchule za laisensi. Ankangomuuza Tisauke zoti azidya ndi zoti asanyamule.

Tsopano ndifunse. Ku Chipata kuli anamwino aakazi ambirimbiri. Kuitana mmodzi kukanaswa lamulo liti? Akuluakulu inu, mumatumiza anthu kudzagwira ntchito kuchigwa kuno, koma mlandu wawo mumauzenga ngati m'chigwamu mulibe anthu a mwambo wawo. Apilo ndi chiyani ngati mboni muikhazika pomwe singatsegule pakamwa, kenako n'kulemba kuti ilibe mawu? Kalaliki uja anati tidzaona. Kodi anauzako munthu, kapena pempho langa linathera pa tebulo lake?

Mkazi wanga yunifomu yake akuisitabe Lamlungu lililonse, n'kuipachika kuseri kwa chitseko. Amayi apakati akubwerabe pakhomo pathu. Amawapatsa madzi akumwa, n'kuwauza kuti apite kuboma, chifukwa akangowagwira pamimba ndi mlandu wina. Akachoka, amalowa kuchipinda, ndipo ine ndaphunzira kusamutsatira.

Anamwino amene mwatumizidwa kuno kuchokera kuzigawo zina, mukadzaitanidwa ku apilo, funsani kaye amene adzakhale m'chipindamo.

Atiuza kuti njira yotsala ndi khoti lalikulu ku Lusaka, ndipo tsiku likhoza kupezeka mvula ikatha. Tisauke akuyembekezeka kuchira mu Febuluwale. Mwezi umenewo mtsinje wa Lupande umasefukira, ndipo galimoto sifika kumudzi kwawo. Adzachirira m'chikuta chomwe chija, m'manja mwa omwe anamumwetsa zitsamba aja. Mzamba adzakhala ali kunyumba, ulendo wapansi wosakwana ola.