Zipinda Zinayi za M'boti

Chaka chimene banja langa linkatha, ine ndinali kalikiliki kusankha zilumba.

Tinkakhala ku Utawala, mu mzinda wa Nairobi. Ine ndinkagwira ntchito ku bungwe lina la maiko ambiri, ntchito yongokhalira m'ndege. Amuna anga anali atasiya uphunzitsi ku Zomba kuti anditsatire, ndipo chiphaso chimene anawapatsa kuno chinali cha munthu wodalira mnzake: kukhala n'kololedwa, kugwira ntchito ayi. Poyamba tinkaseka nazo. Ankati iwo ndi mkamwini wa ku Nairobi, wosowa ngakhale munda wa apongozi woti alime. Kenaka nthabwalayo inasukuluka. Anadzala mpiru ndi bonongwe m'matumba kuseri kwa nyumba, n'kumacheza ndi ndiwozo kuposa ndi ine.

Sitinkakangana. Bola tikanamakangana. Ndikafika madzulo, jamu ya magalimoto pa msewu wa Bypass itandithyola msana, ndinkapeza chakudya chili pa tebulo chovindikira bwinobwino, eni ake ali kuseri ndi keni yothirira.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

"Ndaswera, kaya inu?"

Nkhani za tsikulo zinkathera pomwepo.

Za boti ndinazimva kwa mnzanga wina wa ku ofesi, mzungu, amene anabwera kutchuthi atafiira ngati tomato. Anandionetsa zithunzi za ku Seychelles. Anati umabwereka boti la matanga lathunthu, ndi kaputeni wake, ndi wophika wake, n'kumagona momwemo, kukacha uli pa chilumba china. Iye ankatama mchenga ndi nsomba. Ine chimene ndinaona ndi chakuti m'botimo munalibe kuseri kwa nyumba. Ndinati munthu ukamutsekera pakati pa madzi, afune asafune, ayankhula.

Ndinayamba kulankhulana ndi mayi wina wa kampani yobwereketsa mabotiwo. Mawu ake anali ozuna, mafunso osatha. Mwezi uti, poti pali miyezi imene mphepo imavuta. Zilumba za anthu ambiri kapena za zii. Wophika azikonza chiyani. Madzulo alionse ndinkawatengera amuna anga foni kuseri kuja.

"Taonani, chilumba ichi chili ndi afulu aakulu oti mwana n'kukhalapo."

"Chabwino, amayi."

"Nanga ichi? Akuti kulibe galimoto, anthu amangoyenda pa njinga."

"Chabwino."

Mawu amenewa ndinafika podana nawo. Ndikanati tikagona m'khola la nkhumba, yankho likanakhala lomwelo. Komabe sindinagwe ulesi. Ndinapita mpaka ku msika wa ku Buruburu kukagula zipewa ziwiri za dzuwa, ndikunenerera mtengo m'Chiswahili changa chopunduka mpaka wogulitsayo anandimvera chisoni. Chipewa chawo anachiyesa, anathokoza, n'kuchikoleka pa msomali.

Lamulungu lina titachokera ku tchalitchi, mayi uja anandiimbira. Anati boti limene linalipo mwezi wa tchuthi changa linali la zipinda zinayi, ndiye ngati tikufuna, titha kuitana anzathu. Ndinawauza amuna anga mongodutsa, ndikuvula nsapato.

"Zipinda zinayi?" anafunsa.

Chiyambire nkhani ya botiyi, limeneli linali funso lawo loyamba.

"Zinayi, abambo. Chilichonse ndi bafa lake."

"Ndiye tiitane amalume anu ndi achimwene anga aakulu aja."

Ndinaseka mpaka misozi. Ndinaganiza za amalume, munthu wosavula jekete ngakhale mu Okutobala, atakhala pa boti ndi tayi yawo, atagwira Baibulo kuti lisanyowe.

"Inu, banja ndi awiri, wachitatu ndi kapasule," ndinatero.

Iwo sanaseke. "Awiri takhala, amayi. Kuno takhala awiri mpaka takwana."

Apo m'pamene ndinazindikira anthu amene anawatchula. Sanatchule mnzawo wa bawo kapena mng'ono wanga wokonda zoyendayenda. Anatchula ankhoswe athu, amuna awiri amene anakhala pansi pomanga ukwati wathu, omwenso ayenera kukhala pansi ukamatha. Ndinakhala pa mpando nsapato imodzi ili kuphazi.

"Mukuwafuna kuti atikonze kapena atimasule?"

"Ndapeza malo pa sukulu ina ku Zomba. Ndikuyamba teremu ikubwerayi."

Ndinalira, ndinakalipa, ndinanena mawu ena amene sindingawalembe. Nditatopa ndinati chabwino, ndisiya ntchito, tibwerere limodzi. Anapukusa mutu.

"Mukasiya, mudzasanduka ine. Mudzadzala mpiru m'matumba n'kumandida mwakachetechete. Sindingakufunireni zimenezo."

Chimene chinandiwawa n'chakuti ananena mwachifundo, ngati adokotala. Akanakhala ndi chibwenzi ndikanadziwa wolimbana naye. Nanga apa ndikanamenyana ndi ndani, chiphaso?

Mudzaseka, koma botilo sindinalisiye msanga. Ndinkapitiriza kuyankha mafunso a mayi uja ndili mu jamu, ndikusankha ngati tidzayambire chilumba cha afulu kapena cha njinga. Ndinkadziwa kuti sitipita. Kungoti ndikamakamba naye ndinkanena kuti "ine ndi amuna anga", iye n'kumavomera, ndipo mu Nairobi monse panalibenso malo ena pomwe mawuwo ankamveka oona.

Tchuthi chija chitafika tinakweradi ndege, koma ya ku Blantyre. Tinakhala pa balaza la amalume ku Chilomoni, iwo ali mu jekete lawo lija, alamu anga ali pambali. Amalume anafunsa ngati ndinamenyedwapo. Ndinati ayi. Anafunsa ngati pali wina walowerera. Tonse tinati ayi. Anafunsa za chakudya, za ulemu, za kuchipinda, n'kumaliza ndi kuvula magalasi.

"Nanga ife tiweruze chiyani, ana inu? Mlandu wopanda wolakwa ndiye wovuta."

Anagamula kuti tipatukane kaye, mitima izizire, tidzakhalenso pansi. Tonse anayi tinkadziwa kuti mitimayo inali itazizira kale, ndipo kuti vuto lake linali lomwelo. Alamu anga anapemphera, tinamwa tiyi, amuna anga n'kundiperekeza mpaka pa geti. Anandigwira dzanja ngati mlendo, n'kunena kuti mpiru uja umafuna madzi m'mawa, osati dzuwa litakwera.

Ndinabwerera ku Utawala ndekha. Mpiru ndinkauthirira ndikakhalapo, koma ntchito yanga ndi ya m'ndege, ndipo nditabwera ku ulendo wina ndinapeza matumba a dothi lokhalokha. Chipewa chawo chikadali pa msomali. Ku tchalitchi Amalawi anzathu amandifunsa kuti abambo abwera liti, ine ndimati akadali kumudzi, zomwe si bodza.

Mayi wa maboti uja anandiimbiranso tsiku lina ndili pa Bypass, maminibasi amene kuno amati matatu atandipanikiza mbali zonse. Anati sanandiiwale, ndipo anafuna kudziwa kuti pamapeto pake tidzakhala angati.

"Mmodzi," ndinatero.

Anayankha ndi mawu ake ozuna aja. Anati palibe vuto, ali ndi boti laling'ono lokongola kwambiri, kungoti chipinda chake anachikonzera anthu awiri, ndiye mbali ina ya bedi idzakhala yopanda munthu.

Ndinamuuza kuti zimenezo ndili nazo kale ku Utawala, ndipo sizifuna ndege.