Umboni wa Getzel Woika Magalasi

Getzel Brumer anali woika magalasi m'mawindo, monganso bambo ake. Ankayenda m'misewu ya tauni yathu yaing'ono ku Poland atabereka bokosi la magalasi, ndipo anthu ankamuseka kuti amayenda ngati wasenza mazira. Sanali wolankhulalankhula. Windo ankaliyeza kawiri, mwina katatu, ndipo ukamufunsa ngati mvula igwe, ankangoti iye waona mitambo basi.

Mnzake wapamtima anali Ozer, woyendetsa ngolo, munthu wosatseka pakamwa.

"Iwe Getzel," ankatero Ozer, "tsiku lomwe udzafunsire mbeta udzayamba wamuyeza ndi chingwe!"

Ozer anakwatira Tsirel, mwana wa wosoka zipewa, kutatsala chaka chimodzi kuti nkhondo yachiwiri ya padziko lonse iyambe. Getzel sanafunsire aliyense, ankasamala amayi ake ndi alongo ake awiri.

Ajeremani atafika anatsekera Ayuda onse m'misewu iwiri, kenaka anawagawa pabwalo la msika. Amayi a Getzel ndi alongo ake anakwezedwa sitima, ndipo sanabwerere. Tsirel anatumizidwa kufakitale ya zipolopolo. Getzel ndi Ozer anawatengera kumsasa wa m'nkhalango, komwe ankagwetsa mitengo atangomwa msuzi wa makoko a mbatata.

M'chaka cha 1943, masamba atayamba kuthothoka, kunamveka kuti msasawo autseka. Aliyense ankadziwa tanthauzo lake.

"Kufa tifa ndithu," anatero Ozer, "koma tifere tikuthamanga, thupi litentheko."

Anathawa m'mawa wina wa nkhungu, ali pantchito. Alonda anawombera mosaona, ndipo chipolopolo chimodzi chinamupeza Ozer pamimba. Getzel anamubereka mpaka kudambo, nalowa naye m'mabango, madzi akulekeza m'maondo.

"Nditule apa, sindine galasi ine," anatero Ozer.

"Khala chete."

"Agalu ukuwamva? Tikafa tonse, ndani akamuuze Tsirel kuti ndinali wokongola mpaka kumapeto? Pita, chitsiru iwe!"

Getzel anamugoneka pachulu chouma, namufunditsa jekete lake, napita. Mlimi wina wa Chipolishi anabisa Getzel m'dzenje losungiramo mbatata mpaka asilikali a Russia anafika.

Nkhondo itatha, mu 1946, anakumana ndi Tsirel kumsasa wa othawa kwawo ku Germany, pamzere wolandirira buledi. Tsitsi lake linali litangoyamba kumeranso.

"Mlamu, Ozer ali kuti?"

"Anamuwombera tikuthawa."

Tsirel sanafunsenso, ndipo Getzel sanawonjezepo.

Kumsasako kunali maukwati pafupifupi tsiku lililonse, chifukwa anthu otsala okha sankafuna kugona m'chipinda chopanda mpweya wa munthu wina. Tsirel anafunsiridwa ndi Nisn, wophika buledi amene mkazi ndi ana ake anaphedwa. Koma mwa lamulo lathu mkazi sangakwatiwenso popanda kalata ya chisudzulo kapena mboni yoti mwamuna wake anamwaliradi. Wopanda zimenezi timamutcha aguna, kutanthauza womangidwa. Pankhani yotere mboni imodzi imakwanira pamaso pa arabi, aphunzitsi a malamulo a Chiyuda, ndipo mboniyo inali Getzel.

"Arabi akakufunsani mawa, musakayeze katatu ayi, mlamu," anatero Tsirel akumwetulira. "Ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu. Ndikufuna mwana."

Arabi atatu anakhala m'chipinda chomwe kale asilikali ankasungiramo nsapato. Wamkulu wawo, Rabi Kalmen, anali ndi nambala yomwe Ajeremani anamudinda pamkono, monga anthu ambiri kumeneko. Anamvetsera nkhani yonse modekha, kenaka anafunsa, akumutchula kuti Reb monga timatchulira bambo mwaulemu:

"Reb Getzel, munaona nkhope yake atamwalira?"

Getzel anayang'ana manja ake. Ankadziwa chimene Tsirel ankayembekeza. Koma ankadziwanso kuti iye mwini anapulumuka chifukwa mlimi anamutola. Bwanji ngati Ozer nayenso anatoledwa, ndipo tsiku lina adzatulukira pakhomo n'kupeza mkazi wake ali ndi ana a mwamuna wina? Zaka zitatu zonsezo Getzel ankadzuka m'mawa chifukwa cha ganizo loti mwina sanasiye mnzake kuti afe.

"Pamene ndinkachoka ankapuma," anatero.

"Getzel!" anakuwa Tsirel.

Rabi Kalmen anayesetsa kupeza potulukira. "Mwina munamva mfuti mutachoka?"

"Agalu okha."

"Nanga balalo, linali loti munthu sangachire nalo?"

"Ine ndine wa magalasi, arabi, udokotala sindiudziwa. Magazi anali ambiri."

Arabiwo anakambirana nthawi yaitali. Kenaka Rabi Kalmen analankhula osamuyang'ana Tsirel. "Mwana wanga, akazi amene amuna awo anaonedwa akulowa kumalo ophera anthu, tawapezera njira. Koma mwamuna wako, womaliza kumuona anamuona ali kunja kwa waya, ali moyo, akulankhula. Sitingakumasule lero. Tifufuza mboni ina."

Panja, Tsirel sanalire. Anangoima pamaso pa Getzel nati, "Munamusiya m'mabango ali moyo. Lero mwandisiyamonso ine."

Nisn anadikira zaka ziwiri. Mboni ina sinapezeke, choncho anakwera sitima yapamadzi kupita ku Argentina, ndipo kumeneko anakwatira. Ena ankamuuza Tsirel kuti angokhala ndi mwamuna popanda arabi, poti ambiri ankatero. Iye ankakana, ankati makolo ake anafera Chiyuda chomwechi.

Tsirel anakakhala ku Haifa, m'dziko la Israeli, nayamba kusoka m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo. Getzel anapitanso komweko. Ntchito ya magalasi inalipo yambiri chifukwa nyumba zinkamangidwa paliponse. Akakumana pamsewu, Tsirel ankawolokera tsidya lina. Mwezi uliwonse Getzel ankalemba makalata, kwa ansembe a midzi yozungulira dambo lija, kwa aphunzitsi, ku mabungwe ofufuza anthu osowa. Ambiri sankayankha. Anzake a kusunagoge ankamunena: "Reb Getzel, mwakwatira positi ofesi kodi?" Iye ankangogwedeza mutu.

Yankho linabwera mu 1962, kuchokera kwa mayi wina wokalamba wa Chipolishi. Analemba kuti malemu mwamuna wake, podula bango, anapeza Myuda atafera pachulu, atafunda jekete. Panali patapita masiku awiri chiwombereni mfuti, ndipo thupi linali lisanazizire. Anamukwirira pomwepo. Munthuyo analibe chala chaching'ono kudzanja lamanzere. Chala chimenecho cha Ozer chinadulidwa ndi gudumu la ngolo ali mnyamata, ndipo tauni yonse inkadziwa.

Arabi a ku Haifa anavomereza umboniwo. Getzel anapempha kuti chikalata chawo akachipereke yekha kwa Tsirel. Anakwera masitepe pang'onopang'ono, nagogoda.

Tsirel anawerenga ataimirira, magalasi ali pamphuno. Anali ndi zaka makumi anayi ndi zinayi, imvi zitayamba. Anawerenganso kalata ya mayi uja.

"Masiku awiri," anatero. "Anakhala yekha masiku awiri."

"Inde, mlamu."

"Tsono akuti ndamasulidwa. Ndikwatiwe ndi ndani, Getzel? Ndibereke chiyani?"



Uthenga wa maliro ukafika mochedwa chonchi, lamulo silifuna masiku asanu ndi awiri a kulira. Ola limodzi limakwanira. Tsirel anazimitsa makina osokera, navula nsapato monga timachitira polira maliro, nakhala pansi pafupi ndi khoma. Getzel anatsala chiimire pakhomo, osadziwa ngati akuloledwa kulowa.

"Vulani nsapatozo," anatero Tsirel. "Palibenso wina m'dziko muno amene ankamudziwa. Khalani apo, mundiuze zonse zimene ananena m'mabangomo. Musasiyepo kanthu."

Getzel anavula nsapato, nakhala pansi, nayamba kufotokoza.