Yunifolomu Yonyowa

Mayi amene ndayandikana nawo nyumba ndi kapitawo wa okolopa pa hotela ina. Saseka chisawawa. Wantchito akachedwa, iwo amayamba ayang'ana kumapazi kwake asanamufunse kanthu. Amati, "Matope sanama."

Pahotelapo pali lamulo loti wobwera ndi yunifolomu yakuda kapena yonunkha abwerere kwawo, ndipo akabwezedwa katatu, ntchito yatha. Koma aliyense anapatsidwa yunifolomu imodzi yokha. Wolemba lamulolo ali ndi malaya odzaza kabati.

Mvula itagwa sabata yathunthu, mtsikana wina wokolopa, wolera yekha ana, anabwezedwa kawiri. Ankachapa akaweruka, n'kuyanika m'chipinda chomwe amaphikiramo. Ulendo wachitatu anafika atavala yonyowa, ikununkha utsi, iye akutsokomola. Bwana wa hotelayo anamulozera kuchipata.

Mayiwo anamulowetsa mosinthira zovala, namuveka siketi ndi juzi yawo. Yunifolomuyo anakaiyala patebulo la bwana, pamwamba pa mapepala.

"Mayi, mwapenga? Mukunyowetsa zinthu!"

"Pepani bwana. Mapepala angonyowa pang'ono, mwakuwa kale. Mwanayu wayenda nayo pathupi kuchokera kwawo."

"Bwanji osaisita?"

"Ndi magetsi ake ati? Kapena aiumitse ndi lamulo lanulo? Muchotseni, koma muyambe mwaivala inuyo mpaka masana."

Bwana sanaivale. Mtsikanayo akugwirabe ntchito, ndipo mwezi wotsatira aliyense analandira yunifolomu yachiwiri. Pamsonkhano bwana ananena kuti maganizowo anali ake, anthu n'kumuwombera m'manja. Mayiwo anapatsidwa chenjezo chifukwa chonyowetsa tebulo.