Ulendo Wokatenga Matumba a aNandau

1. LIPOTI LA ULENDO WA KU NTCHEU BOMA
Wolemba: Wilisoni Yohane Chimbalanga, wa ku Tsangano

Kwa onse amene nkhaniyi ingawakhudze,

Ndikudziwitsa kuti akazi anga, aNandau, ali chigonere chidwalire sitiroko, ndipo posachedwapa anayamba kutsegula m'mimba osatha kudzigwira. Mng'ono wawo amene ankawasambitsa anabwerera kwawo kukakumba mbatata. Amayi a mumpingo amalonjera ali pabwalo. Nsalu zoipitsidwa zinatsalira ine, ntchito imene kwathu kuno mwamuna sagwira. ANandau atandiona ndikuchapa, analeka kudya. Ponditchula ndi mfunda wanga anati, "Chosalowa sichituluka, aNgozo." Ichi ndicho chifukwa cha ulendo wa kuchipatalawu.

Ndinanyamuka m'mamawa, nditawaikira madzi pafupi ndi dzanja lawo lamoyo. Ndinakwera lole ya mbatata ya kachewere pa mtengo wa K5,000, pamwamba pa matumba, ndekha ndi mphepo. Pa Tenofu, pomwe msewu wa ku Tsangano umakumana ndi msewu waukulu, ndinalowa minibasi. Kondakitala anati, "Madala, jekete limeneli mukukafunsira mbeta?" Mpando wa pambali panga unakhala wopanda munthu mpaka ku Boma. Kawiri konse ndinanunkhiza mkono wa jekete mobisa.

Kuchipatala ndinafika dzuwa lili pamutu. Anamwino anasuzumira kumbuyo kwanga.

"Agadiyani achizimayi ali kuti, bambo?"

"Mayi, gadiyani ndine. Wamwamuna ndine, wamkazinso ndine."

Anatulutsa thumba lapulasitiki lokhala ndi kamwa lomata. Analongosola kuti limamatidwa pakhungu kuzungulira potulukira chimbudzi, khungulo litatsukidwa ndi kuumitsidwa bwino, ndipo pa chilonda silimatidwa. Likayamba kudzaza, amalitsegula kunsi n'kukhuthulira m'ndowa. Anandipatsa matumba angapo, mankhwala ndi timapaketi ta madzi a mchere ndi shuga.

Ndinayeserera pa chidole, amayi odikirira odwala akundionerera. Thumba loyamba ndinalimata chozondoka. Kunali phwete. Mayi wina wachikulire anandiwongola zala nati, "Asekeni, koma amuna anga aja ngakhale beseni sadziwa pomwe limakhala."

Pobwerera ndinagula tchipisi pa Tenofu, koma ndinangodya theka, popeza kunyumba munthu anali ndi njala. Matumbawo ndinawasunga m'kati mwa jekete ngati ziphaso.

Ndinafika dzuwa likupendeka. Madzi aja anali osakhudzidwa. Ndinatseka chitseko, ndinasambitsa aNandau, ndinawapukuta, ndinamata thumba monga mwa malangizo. Nthawi yonseyi iwo anayang'ana kukhoma.

Kutacha anapapasa nsalu ndi dzanja lamoyo lija. Inali youma. Anapapasanso.

"ANgozo," anatero, osanditembenukira, "kachewere uja alipo? Muphike wofewa. Musaotche ngati tsiku lija."

Anadya zidutswa zitatu. Pa ulendowu ndaphunzira kuti mwa matenda onse a m'nyumba muno, amene akanawapha msanga ndi manyazi. Pakhomo sipanabwerebe mlendo, koma mbale tsopano ndikutsuka ziwiri.

Ine wanu mokhulupirika,

W. Y. Chimbalanga
Lachinayi, tsiku lakhumi la mwezi wa Julayi