Hafu Pasiti Naini pa Chipilala cha ku Mangochi

Linali Lachiwiri, nthawi ili hafu pasiti naini m'mawa, pamene ndinatsika lole pa chipilala cha wotchi ku Mangochi, mwana ali kumbuyo. Za tsikulo sindikayika, pakuti lole ya hotela inkapita ku boma Lachiwiri lokha. Nthawiyo ndinachita kuwerenga ndekha pa wotchi ya pa chipilalapo, ndipo ndinanyada kwambiri.

Masiku amenewo tinkakhala ku Makokola, kumene bambo a mwana ankagwira ntchito yoperekera zakudya ku hotela. Kwathu tonse ndi ku Ntcheu. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 3, ndipo manyazi ndinali nawo oposa msinkhu wanga. Munthu akandifunsa dzina ndinkayang'ana zala za kumapazi ngati dzinalo linalembedwa pamenepo. Zaka ziwiri ndinakhala ku Makokola, koma za chipilala, za mfuti yaikulu ndi za nyumba yosungiramo zinthu zakale ndinkangomvera kwa amuna anga, iwonso atamvera kwa azungu amene ankawaperekera tiyi.

Tsiku limenelo apongozi anga, amayi a amuna anga, ankabwera kudzaona mdzukulu wawo koyamba. Kalata inati adzafika pa basi ya leveni koloko yodzera ku Balaka. Amuna anga sanapatsidwe mpata kuntchito, choncho wokawachingamira ndinali ine. Apongoziwo sanandifune pachiyambi. Ankafuna mtsikana wina amene anatsiriza Sitandade 8, ndipo mawu amene ananena za ine anandipeza: “Ameneyo adzatha kuwerenga ngakhale khadi ya sikelo ya mwana?” Ndiye ndinkafunitsitsa kuti akamatsika basi andipeze nditaima kale pamenepo, chitenje chatsopano, mwana atasamba, ngati mkazi wodziwa za m'tauni.

Masiku atatu amuna anga anandiphunzitsa wotchi. Ankajambula manambala ndi khala pa chivundikiro cha poto, mivi yake n'kukhala timitengo tiwiri ta tsache.

“Amake mwana, musakakhale ku depoti nthawi yonseyi, kumadzaza amuna, mukangolira,” anatero. “Mukakhale pa chipilala, pali wotchi. Muvi waufupi ukamayandikira pa leveni apa, muyambepo ulendo wa ku depoti. Si patali.”

Anawonjezeranso langizo lina limene mkazi aliyense ankapatsidwa masiku a chipani chimodzi aja. “Ku boma musakanyoze chinthu cha boma, ngakhale dzenje la mumsewu. Simudziwa amene waima pambali panu.”

Ndinasunga zonse ziwiri, ndipo n'zimene zinandipweteka.

Nditawerenga hafu pasiti naini ndinadziwa kuti nthawi ilipo yambiri. Ndinazungulira chipilala chija kawiri. Chinali cha njerwa, chachitali, ndipo ankati anachimanga pokumbukira mfumukazi ya azungu imene sinapondeko n'komwe ku Mangochi. Ndinachigwira ndi dzanja, kenaka n'kuchotsa msanga poopa kuti mwina n'zoletsedwa.

Chapafupi panali mfuti ija, imene ankati inali pa sitima ya nkhondo pa nyanja. Ndinkayembekeza chinthu chachikulu ngati nyumba, koma inali yoti amuna angapo akhoza kuinyamula. Ndikuiyang'ana choncho panafika galimoto ya azungu. Akazi awo anali atamanga zitenje, pakuti mathalauza ndi masiketi aafupi zinali zoletsedwa kwa akazi. Koma kamangidwe kake! Mmodzi chitenje chinkangomasuka, iye n'kumachigwira ndi chigongono uku akujambula. Mtima unkandiuza kuti ndipite ndikamumangire, miyendo n'kukana. Atalozetsa kamera kumene ndinali, ndinabisala kuseri kwa mfuti. Mwina kwinakwake kudziko la azungu kuli chithunzi cha mfuti ya ku Mangochi yokhala ndi miyendo iwiri ndi mwana kumbuyo.

Azungu atapita ndinayang'ana wotchi. Hafu pasiti naini.

Sindinadabwe. Ndinaganiza motere: wotchi ya pamkono ya amuna anga ndi yaing'ono, n'chifukwa chake imathamanga ngati mwana. Iyi ndi yaikulu, ya boma, iyenera kuyenda mwaulemu ngati munthu wamkulu. Nzeru imeneyi inandikhutiritsa, mpaka ndinaganiza zokawafotokozera amuna anga madzulo.

Ndinatsikira ku mlatho kukaona mtsinje wa Shire. Madzi ambiri chotero akuyenda osachita phokoso, mabwato akuwoloka, amayi akuchapa m'mbali. Mwana analira, ndinakhala pansi pa mtengo n'kumuyamwitsa mpaka anagona. Pobwerera ndinakwezanso maso. Muvi waufupi unali pomwe paja. Ndinatseka diso limodzi, ndipo ndinaona ngati wasuntha pang'ono. Munthu ukafuna kuti chinthu chisunthe, chimasuntha.

Poti nthawi inalipo, ndinalimba mtima kupita ku nyumba ya zinthu zakale. Ndinaima pakhomo nthawi yaitali ndikuodira chapansipansi, mpaka bambo wina wa yunifolomu anatuluka.

“Lowani mayi, muno saodira. Nsapatozo valani, si mu mzikiti muno.”

Ndinali nditavula kale. Ndinalowa nsapato zili m'manja, chifukwa kuvalanso pamaso pawo kunandichititsa manyazi koposa. M'katimo munali chiwongolero cha sitima, zitsulo zakale, zithunzi za azungu a ndevu. Munalinso mono wogwirira nsomba, mbiya ndi khasu, zoikidwa bwinobwino ndi timapepala tolembedwa pambali. Mbiyayo inali yofanana ndendende ndi imene ndinasiya kunyumba ili ndi madzi akumwa. Ndinaima pamenepo ndikudzifunsa ngati nanenso ndine wakale.

Potuluka bambo aja ananditsegulira buku lalikulu la alendo n'kundipatsa bolopeni. Dzina langa ndinkatha kulemba, koma linkafuna nthawi ndi lilime kunja. Nditamaliza analoza mpata wina kumapeto.

“Apa mulembe maganizo anu.”

Pamwamba ponse panali Chizungu chopendekera cha anthu ophunzira. Ndinaganiza, thukuta likutsika, ndipo ndinalemba liwu limodzi: Ndaona.

Kunja dzuwa linali pamutu, chithunzithunzi changa chitalowa pansi pa mapazi. Mimba inkalira. Mwana anali atayamwa kachiwiri. Kenaka ku mzikiti kunamveka kuitanira mapemphero, kuitana kumene ku Makokola ndinkadziwira kuti masana akwana. Zonsezi zinkandiuza chinthu chimodzi, koma wotchi inkati hafu pasiti naini. Ndinayeza mbali ziwirizi: uku dzuwa, mimba, mwana ndi mzikiti, uku boma. Ndinati Asilamu afulumira lero.

Kunena zoona, kamtima kena kanali katayamba kundiuza kuti wotchiyo siikuyenda. Koma ndikanafunsa ndani? Kufunsa mlendo kunali kale phiri kwa ine, ndiye kufunsa kwake kukhale kwakuti chinthu cha boma chafa? Ndinakhala pa mwala moyang'anana ndi chipilala, n'kumayang'anitsitsa muvi uja kuti ndiugwire ukusuntha.

Pambali panga panali mayi wina wachikulire wa mpango kumutu, wogulitsa zitumbuwa. Anali atandiona chifikire. Anayamba wandilankhula m'Chiyao, ataona kuti ndangoti kakasi anatembenukira ku Chichewa.

“Achemwali, khosi silikupweteka? Chiyambire m'mawa muli maso kumwamba.”

“Ndikudikira leveni koloko,” ndinayankha, maso ali pansi.

“Ya lero kapena ya mawa?”

Ndinasendera pafupi, n'kunong'ona. “Kodi yafa?”

Mayi uja anayang'ana uku ndi uku, akutembenuza zitumbuwa mu lichero. “Kuno sitimatero. Timati ikupuma. Inayamba kupuma ndili ndi pakati pa mwana wanga wotsiriza, pano mwanayo amapita yekha kumadarasa.”

“Nanga nthawi ili bwanji?”

“Simunamve ku mzikiti? Wani koloko inapita kale. Mukudikira ndani kodi?”

“Apongozi.”

“Ayi ndiye thamangani, mwana wanga. Akanakhala amuna anu ndikanati yambani mwadya chitumbuwa.”

Ndinathamanga. Mwana ankadumpha kumbuyo n'kumaseka, poyesa ndi masewera. Chitenje chatsopano chija chinayamba kumasuka, ndipo ndinachigwira ndi chigongono ngati mzungu uja. Pa chipata cha depoti anyamata a malaya ofiira anandiimitsa kufuna khadi ya chipani. Ndinamasula mfundo ya chitenje, ndipo m'malo mwake ndinawapatsa khadi ya sikelo. Mmodzi anaitembenuza n'kunena kuti, “Mayi, mwana akukula bwino, koma tikufuna inayo.”

Apongozi ndinawapeza pansi pa mtengo kumapeto kwa depoti, atakhalira thumba la mbatata ya kachewere, pambali pali nkhuku yomangidwa miyendo. Anthu onse a basi yawo anali atapita kalekale. Mayi amene anali asanatulukepo mu Ntcheu anakhala maola awiri ndi kuposa pakati pa anthu olankhula chinenero chimene sankachimva, osadziwa kuti Makokola ali mbali iti.

Ndinagwada m'fumbi. “Mwafika, amayi?”

Anatambasula manja, ine n'kumasula mwana n'kuwapatsa. Anamuyang'ana nkhope, makutu, zala, n'kumuika pamiyendo. Poti ine sankandiyang'ana n'komwe, ndinafunsa funso lopusa kuposa onse.

“Basi yafika nthawi yanji?”

Anatsegula dzanja lina. Munali dzira.

“Funsani nkhukuyi. Yaikira podikira inu.”

Kenaka anafunsa kumene ndinali. Bodza linali lokonzeka pakamwa, loti lole inafera panjira. Koma bodza limafuna munthu woyang'ana mnzake m'maso, ndipo ine sindinkatha. Ndinafotokoza zonse: chivundikiro cha poto, mfuti, mlatho, mbiya, buku la alendo, wotchi yopuma. Ngakhale nzeru yanga ija ya wotchi yoyenda mwaulemu ndinaiulula, sindidziwa chifukwa chake. Anamvetsera nkhope ili gwa. Nditamaliza anangoti, “Senzani mbatatayo.”

M'basi ya ku Makokola sanandilankhule. Ankalankhula ndi mwana yekha. Ine ndinkawerenga mitengo ya migwalangwa m'mbali mwa msewu, n'kumaganiza mmene nkhaniyi idzafikire kumudzi, ndi mmene mtsikana wa Sitandade 8 uja adzasekere.

Amuna anga anaweruka dzuwa lisanalowe. Atapereka moni ndi kufunsa za kumudzi, anafika pamene ndinkaopa.

“Nanga anakuchingamirani bwino apongozi anuwa? Ndinawaphunzitsa wotchi masiku atatu.”

Ine ndinali pakhomo ndi beseni la madzi osamba m'manja.

“Basi ndi imene inachedwa,” anatero apongozi, akuseweretsa mwana. “Ife takumana bwinobwino.”

Amuna anga anandiyang'ana monyadira, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kukalipiridwa.

Pambuyo pake ndikutsuka mbale kuseri kwa nyumba, apongozi anabwera n'kukhala pa mtondo.

“Wotchi yakufayo, munaiwerenga nokha?”

“Eya, amayi.”

“Ndipo munawerenga zoona? Zimene inkanenazo?”

“Zimene inkanenazo ndinawerenga zoona.”

“Hm. Ine ndakalamba chonchi sindinawerengepo wotchi, yamoyo kapena yakufa.” Anatola mbale imodzi n'kuiyang'ana ngati ndatsuka bwino. “M'buku la azungulo munalembamo dzina la kwathu?”

“Ndinalemba langa ndi la bambo a mwana, amayi.”

“Ndiye kuti dzina lathu lili m'buku ku Mangochi.” Anabweza mbale ija m'madzi, kusonyeza kuti ndiitsukenso. “Mawa mundiperekeze. Kumudzi akakandifunsa kuti ndinaona chiyani kunyanja, ndizikati depoti?”

M'mawa mwake ndinawauza amuna anga kuti amayi akufuna kukaona boma, ndipo tinakwera basi yoyamba. Mwana anabereka ndi apongozi. Titafika pa chipilala mayi wa zitumbuwa uja anandizindikira, anayang'ana apongozi, n'kundifunsa ndi maso okha ngati ndili moyo. Apongozi anaima chagada, dzanja pamphumi, n'kuyang'ana kumwamba nthawi yaitali.

“Ikuti bwanji?”

“Hafu pasiti naini, amayi.”

“Ndiye basi yanga sinafike,” anatero. “Nthawi ilipo. Tiyeni mukandionetse mfutiyo.”

Ndinatsogola, iwo akubwera pambuyo, ndipo pakhomo la nyumba ya zinthu zakale ndinawauza kuti muno saodira, nsapatonso savula.