Tsiku Limene Malume Anatisandutsa Maelekitironi

Ndikukumbukira Loweruka lina ku Mtendere, m'nthawi ya chipani chimodzi, pamene mafuta ophikira ankasowa miyezi yathunthu. Mphekesera itamveka kuti afika kusitolo ya boma, amayi anandipatsa botolo kuti ndithamange ndikagwire malo pamzere.

Sindinapite patali. Pabwalo ndinapeza malume anga, ba Lackson, amene ankaphunzira fizikisi ku yunivesite, atajambula mabokosi asanu ndi anayi pafumbi. Anali atakokera kale ana asanu ndi atatu.

"Iwe Tisa, bwela! Tashota na mmodzi," anatero. "Ni maminiti yabili chabe."

Anatiuza kuti ndife maelekitironi, tinthu tosaoneka toyendetsa magetsi m'waya, ndipo timadana kwambiri. Lamulo linali lakuti ukhoza kudumphira m'bokosi loyandikana ndi lako, koma ukapezamo mnzako, nonse awiri mutsinidwa khutu. Ndisanabwere, anzanga ankadumphadumpha mosinthana chifukwa bokosi limodzi linali lopanda munthu. Nditalowamo ine, onse anangoti chilili.

"Mwaona? Malaiti yaima!" anakuwa malume, nkhope ili ngwee. "Mvela, vinthu vina vimakana magetsi so chabe!"

Anandichotsa, anzanga n'kudumpha. Anandibwezera, n'kuima. Anatero mwina kakhumi, akulemba manambala m'kope. Dzuwa linkandiwotcha paliwombo, fumbi likuyabwa m'miyendo, botolo likuterera ndi thukuta. Ndikangoti ndizembe, ankadandaula kuti ndiwononga masamu awo.

Nditafika kusitolo, chitseko chinali chotseka. Azimayi ankabalalika atafungatira mabotolo awo ngati makanda.

Amayi sanafune n'komwe kumva za maelekitironi. Anandikoka khutu mpaka linatentha, ine amene ndinali nditalisunga bwinobwino masewera onse aja. Sabata yonse tinadya chibwabwa, masamba a maungu, chongowiritsa. Chimene chimandipsetsabe mtima n'chakuti malume, osachita ndi manyazi omwe, anafunsa kuti, "Ba sisi, ndiwo sizikoma bwanji masiku yano?"

Lero pabwalo paja anamangapo nyumba za lendi, ndipo ana alibe pojambula. Malume ali ndi imvi mbuu, ndipo ntchito ya maelekitironi ija amaigwira ndi makompyuta akuluakulu. Chaka chatha, atabwera kudzacheza, ndinawafunsa ngati masamu aja anatha.

"Yakali kuvuta," anatero akumwetulira, "koma tili pafupi."

Ndinangonyamuka n'kukatsuka mbale.