Khoma la Achemwali Esinati

Ndikukumbukira khoma la nyumba yathu ku Ntcheu kuposa zomwe ndadya m'mawa uno. Linandibwerera m'mutu nditangobwera kudzakhala ndi mwana wanga Tadala, amene ndi namwino kuno ku South Bend. Loweruka lina anati, "Adadi, mwakhalitsa pa TV. Tiyeni ndikudraiveni ku Indianapolis mukaone zithunzi."

Zinali za mzungu wina wakonkuno amene anamwalira kalekale. Ankajambula anthu wamba mmene alili, alimi, amayi ochapa, amuna onyamula zitsulo, ndipo zina ankazipenta pamakoma a nyumba za boma. Oyang'anira malo oonetsera zithunziwo anatiikiranso mapepala ake a pensulo, pomwe ankayeserera dzanja limodzi kangapo asanakhutire nalo. Pakona pa pepala lililonse panali dzina lake. Nditaona dzinalo ndinakakhala pabenchi.

Kwathu tikakolola, amayi ndi atsikana ankazira nyumba. Ankakatenga mtsiro kudambo, ndipo mudzi wonse unkanunkhira dothi lonyowa. Khoma likauma ankalikongoletsa ndi katondo, phulusa ndi makala osinja. Ambiri ankangolemba mizere ndi maluwa. Koma achemwali anga a Esinati, amene ndinapondana nawo, ankajambula anthu. Ndi chitsononkho ndi nthenga ya nkhuku, anajambula amayi akupeta, mankhusu akuuluka m'lichero. Anajambula bambo atasenza khasu, ndi mwendo wawo wokhota uja, moti bambo anaima n'kudziyang'ana nthawi yaitali, kenaka anachoka akuyesetsa kuyenda mowongoka. Ntchito yanga inali yotuta katondo basi. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndinkaweta mbuzi, ndipo sukulu ndinkangoimvera belu patali.

Masana ena anadutsa aphunzitsi a ku mishoni pa njinga. Anatsika, anaitsamiritsa pamtengo wa mango, n'kuyandikira khoma mpaka mphuno kutsala pang'ono kuligunda. Bambo anawapatsa mpando. Achemwali anagwada chapatali, maso pansi, chifukwa mtsikana sankayankha mlendo wamwamuna asanatchulidwe dzina. Manja awo ofiira anawabisa m'chitenje.

"Wajambula izi ndani?" anafunsa aphunzitsi. "Mwana wotere ayenera kukhala m'kalasi."

Manja anga analinso ofiira, ndipo anali poyera.

"Ndine," ndinatero.

Bambo anatsokomola. Amayi anayang'ana nkhuku. Palibe amene akanatsutsa mwana wamwamuna pamaso pa mlendo, ndipo Lolemba lake ndinayamba sukulu.

Anandikhazika pakati pa tiana tofika m'chiuno mwanga. Maondo anga sankakwana pabenchi, ndipo tsiku loyamba lomwe anandipatsa dzina loti Agogo. Tsiku lachitatu aphunzitsi anandipatsa choko. "Taonetsa anzako luso lako. Jambula ng'ombe." Ndinajambula thukuta likutsika ndi msana. Nditamaliza anafunsa kalasi kuti n'chiyani. Kamtsikana kena kanati ndi tebulo. Wina anati ndi bedi la kuchipatala. Kamnyamata kopanda mano akutsogolo kanandimvera chisoni n'kunena kuti mwina ndi galu amene wadwala. Aphunzitsi anayang'ana bolodi, anandiyang'ana ine, ndipo anadziwa zonse. Anangoti, "Khala pansi. Tiyambe ndi a, e, i." Sanandithamangitse, komanso sanabwererenso kumudzi kukafunsa. Mvula yoyamba inatsuka khoma lija, ndipo patapita zaka ziwiri achemwali anakwatiwa.

Ine ndinaphunzira, ndinakhala kalaliki, ndinaphunzitsa ana anga. Achemwali sanagwirepo pensulo. Tinkakumana pa maukwati ndi pa maliro kwa zaka zoposa makumi asanu, tikukamba za mvula ndi matenda a maondo, koma za khoma ayi.

Titabwerera ku South Bend, ndinapempha Tadala kuti aimbe foni ya mdzukulu wa achemwali kumudzi. Nditamva mawu awo, malonje onse ndinawadumpha.

"Achemwali, khoma lija sindinajambule ine."

Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye ukuuza ine? Wakwera ndege mpaka ku Amereka kuti ukadziwe zimenezo?"

"Ndinakuberani sukulu."

"Unandibera, eya. Ndinalira mwezi wathunthu kuseri kwa nkhokwe, ndipo mbuzi zako ndinkazigenda." Anapuma. "Koma nkhani ya ng'ombe yako itafika kuno, ndinaseka mwezi winanso. Basi, Yohane, tamakalamba bwino. Ngati zikukuwawa, tumiza mapensulo a azunguwo ndiwaone."

Tadala anagula mapensulo amitundu ndi mapepala okhuthala, ndipo mayi wina wa kutchalitchi amene ankapita kumudzi anatinyamulira. Patatha miyezi iwiri chithunzi chinafika pafoni. Chinali chimnyamata chachitali, cha makutu otambalala, chitapanikizika pabenchi pakati pa tiana, maondo ali m'chibwano. Tadala anangochiona n'kuti, "Adadi, makutuwa ndi anu," ndipo anaseka mpaka kukhala pansi. Ndinatumiza mawu akuti pakona palembedwe dzina la mwini wake. Achemwali anakana kuti mdzukulu awalembere. Chithunzi chinabweranso chili ndi chidindo cha chala chawo, cha katondo.

Masiku ano mdzukulu wanga wamkazi akangokhwatcha pepala amalembapo dzina lake ndi zilembo zazikulu, n'kulimata pa filiji, ndipo mlendo asanakhale pansi amamukokera kukhitchini kuti akaone. Sagwada chapatali, sadikira kutchulidwa. Poyamba ndinkaona ngati n'kusowa mwambo, koma tsopano ndimamusiya. Chithunzi cha achemwali tinachisindikiza ndipo chili pabalaza. Aliyense wobwera amafunsa kuti wajambula ndani, ndipo ine ndimayankha msanga, wina asanatsegule pakamwa.